Kumasula nthaka yotsendereka pansi pa mitengo ya m'tauni ndi mpweya wopanikizidwa

Anthu amene amasamalira mitengo ya m'mbali mwa misewu, m'mapaki ndi m'malo oimikapo magalimoto akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi mtengo umene ukufota chifukwa nthaka yake yalimba ungatsitsimuke ngati munthu abaya pansi n'kupoperamo mpweya wamphamvu? Ndaganiza zolemba yankho lonse pamalo amodzi. Mpweya umang'amba nthaka ndithu, koma suisunga yotseguka. Chimene chimapulumutsa mtengo ndi nthawi imene mwasankha kugwira ntchitoyo, zimene mwathira m'ming'alu, ndiponso mmene mwatetezera malowo pambuyo pake.

Nthaka yabwino, pafupifupi theka lake ndi timipata momwe mumakhala madzi ndi mpweya. Mapazi a anthu, matayala a magalimoto ndi makina omangira amafinya timipatato, ndipo toyamba kutsekeka ndi tokulirapo timene timalola madzi kutsika ndi mpweya kulowa. Mizu imapuma okosijeni monga ife, ndipo okosijeni wa m'nthaka akatsika kufika pa magawo 10 pa 100 alionse, pamene mumlengalenga amakhala 21, mizu ya mitengo yambiri imayamba kuvutika. Kuwonjezera apo, nsonga ya muzu imalephera kuboola nthaka yothinana. Mizu yambiri ya mtengo imakhala m'masentimita 60 apamwamba, ndiye kuti imakhala momwemo mmene kutsendereka kumachitikira.

Makina a ntchito imeneyi ali m'magulu awiri, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Gulu loyamba lili ndi chitsulo chachitali chokhala ndi bowo mkati, chimene mu malangizo ano tizichitcha mkondo. Mkondowo umakhomeredwa pansi, kenako mpweya umatulutsidwa kamodzi mwamphamvu ku nsonga yake, ndipo nthaka imatukuka ndi kung'aluka osakumbidwa. Makina otchedwa Terralift ndi Vogt Geo Injector amagwiritsa ntchito mpweya wamba wochokera ku kompuresa (makina opanikiza mpweya), pamene Terravent imagwiritsa ntchito naitirojeni wa m'masilinda. Naitirojeniyo si fetereza, pakuti mizu siingathe kumudya ali mpweya; amasankhidwa chifukwa ndi wouma, sayaka, ndipo amanyamulika popanda kompuresa. Gulu lachiwiri, monga AirSpade, limauluza dothi ndi mpweya wothamanga kwambiri, n'kusiya mizu poyera osaidula. Malangizo ano akukhudza gulu loyamba, koma lachiwiri lidzatchulidwa pamene likufunika.

Chidwi cha njira imeneyi chinakula ku Kew Gardens, munda wotchuka wosungirako zomera mu mzinda wa London, pambuyo pa mphepo yamkuntho ya mu October 1987. Mtengo wakale wotchedwa Turner's oak unanyamulidwa ndi mizu yake yomwe n'kubwereranso m'malo mwake, ndipo m'zaka zotsatira unaphuka bwino kuposa kale. Osamalira mitengo kumeneko, kuphatikizapo Tony Kirkham, anazindikira kuti mphepoyo inamasula nthaka imene mapazi a alendo anaitsendera kwa zaka zambiri, ndipo anayamba kumasula nthaka ya mitengo ina yakale mwadala. Komabe kafukufuku sanayamikire makina obayira mpweya monga mmene ogulitsa amawayamikirira. E. Thomas Smiley ndi anzake a ku Bartlett Tree Research Laboratories ku America anayesa makina otere mu 1990, ndipo anapeza kuti ming'alu imapangika, koma kuthinana kwa nthaka yonse sikutsika kwenikweni. Mu 2007 ofufuza ena, Hascher ndi Wells, anayesa Terravent pa mitengo ya mtundu wa red maple ndipo sanaone kusintha kooneka pa kakulidwe ka mizu. Mu 2011 wofufuza wina, Fite, ndi anzake anaona kuti kutembenuza nthaka ndi mpweya wa chida chouluza dothi, kuthira chakudya cha mbewu ndi kuphimba pamwamba, zikachitika pamodzi, zimafewetsa nthaka, ndipo mwa zitatuzo kuphimba pakokha kunathandiza kwambiri. Muzikumbukira zimenezi pamene mukuwerenga ndondomeko yotsatirayi.

1. Tsimikizani kuti vuto ndi kutsendereka kwa nthaka

Masamba aang'ono, nthambi zouma kunsonga ndi kuyoyoka kwa masamba nyengo isanakwane zingayambe ndi zinthu zambiri: kudulidwa kwa mizu pokumba ngalande, mtengo umene unabzalidwa mozama kwambiri, matenda a mizu, madzi osatuluka pansi, kapena gasi wodontha m'paipi. Kubaya mpweya sikuchiza chilichonse mwa zimenezi. Tengani chitsulo chowongoka, chokhuthala ngati chala, muchikankhire pansi ndi manja pamene nthaka ili yonyowa bwino, ndipo muchite zimenezi pa malo angapo pansi pa mtengo komanso pa malo apafupi amene anthu sapondapo, kuti mukhale ndi poyerekezera. Amene ali ndi chida choyezera kulimba kwa nthaka, chotchedwa penetrometer, adziwe kuti mizu imalephera kwambiri kupita patsogolo chidacho chikamasonyeza 2 MPa (MPa ndi muyezo wa mphamvu yokankhira) kapena kuposa. Ngati mungathe kutumiza dothi kukayezetsa, nthaka ya dongo lambiri imatsekereza mizu ikapitirira magalamu 1.47 pa kiyubiki sentimita, pamene ya mchenga imatero ikapitirira 1.80.

Chofunika koposa ndi kudziwa kuya kwa gawo lolimbalo. Kumbani kadzenje ndi fosholo pamalo opanda mizu ikuluikulu, muyang'ane khoma lake. Nthaka yotsendereka imasendeka m'mapalemapale opingasa, ndipo timizu timayenda m'mbali m'malo molowa pansi. Mapazi a anthu kawirikawiri amalimbitsa masentimita ochepa apamwamba okha, pamene makina olemera amafikitsa vutolo pansi patali. Ngati gawo lolimba lili pamwamba pokha, mkondo wopita pansi mita yathunthu udzang'amba nthaka imene inalibe vuto, n'kusiya imene ili ndi vuto. Pamenepo chida chouluza dothi ndicho choyenera. Ngati pansi pa kadzenjeko pali dothi lotuwa, lonunkha ngati dzira lovunda, vuto ndi madzi oima, ndipo choyamba ndi kuwapezera njira yotulukira.

2. Pimani dera logwirapo ntchito

Cholakwa chofala ndicho kubaya mozungulira tsinde penipeni, pamene timizu todya chakudya tili kutali, nthawi zambiri kupitirira pamene nthambi zalekezera. Muyezo wa ku Britain wotchedwa BS 5837, wa mu 2012, umapereka njira yosavuta: yezani kukhuthala kwa thunthu (kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, osati kuzungulira) pa mita 1.5 kuchokera pansi, muchulukitse ndi 12, ndipo yankho lake ndi mtunda wochokera pa tsinde kufika m'malire a dera la mizu loyenera kutetezedwa. Thunthu limene tepi yalizungulira masentimita 157 ndi lokhuthala masentimita 50 (mukagawa 157 ndi 3.14), ndiye kuti dera lake limafika mamita 6 mbali zonse. M'tauni deralo silikhala lozungulira bwino, chifukwa msewu ndi maziko a nyumba zimakankhira mizu mbali imodzi. Tsatani kumene kuli nthaka yosaphimbidwa. Siyani osachepera mita imodzi kuchokera pa tsinde, ndipo pa mtengo waukulu siyani kuposa pamenepo, chifukwa mizu yochirikiza mtengo ili pamenepo ndipo bala la mkondo ndi khomo la zowoletsa.

3. Fufuzani zimene zinakwiriridwa pansi

Musabaye mkondo musanadziwe kumene kwadutsa mawaya a magetsi, mapaipi a madzi, a gasi, a zonyansa ndi mawaya a intaneti. Pemphani mapu kwa eni ake, yendetsani chida chofufuzira mawaya, ndipo pamene mukukayika kumbani ndi manja. Chida chofufuzira sichimva mapaipi apulasitiki mwachindunji. Lembani mizere pansi ndi penti, ndipo khalani kutali nayo, komanso kutali ndi zipupa ndi miyala yoyalidwa, pakuti nthaka ikatukuka imatha kuzisuntha. Funsaninso ngati mtengowo ndi wotetezedwa ndi malamulo a mzinda umene mukugwiramo ntchito.

4. Dikirani chinyontho choyenera

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi mawu akuti nthaka isakhale yonyowa kwambiri kapena youma kwambiri, osafotokoza mmene munthu angadziwire. Koma ntchito yonse imapindula kapena kuwonongeka pa mfundo imeneyi.

Nthaka, makamaka ya dongo monga makande ndi katondo, imasintha khalidwe malinga ndi madzi amene ili nawo. Ikanyowa kupitirira mlingo wina imaumbika, ndiye kuti mukaikankha imasintha maonekedwe osasweka. Mpweya ukaphulika m'nthaka yotere supanga ming'alu yoyenda kutali. Umangotsegula kaphanga pa nsonga ya mkondo, n'kufinya ndi kusalaza makoma a kaphangako, kotero kuti mwawonjezera vuto limene munabwera kudzathetsa. Komanso inu ndi makina anu mukuponda dothi lonyowa, lomwe ndi nthawi imene limatsendereka msanga. Nthaka ikauma gwa, mkondo umavuta kulowa, bowo lake limagumuka m'mbali, ndipo mpweya umathawira m'ming'alu yakale ya chilala m'malo motsegula yatsopano. Mtengo umene uli kale ndi ludzu suyeneranso kusokonezedwa timizu take pa nthawi yotere.

Njira yodziwira ili m'manja mwanu. Tengani dothi kuchokera pa kuya kumene nsonga ya mkondo idzafike, osati la pamwamba, chifukwa pamwamba pamatha kuuma pansi pali matope, kapena kunyowa ndi mvula ya usiku pansi pali pouma. Likanyeni pang'ono, kenako mulipote pa chikhatho kapena pa thabwa kuti likhale kachingwe. Likalola kupotedwa mpaka kuwonda ngati mamilimita 3 osaduka, ndi lonyowa kwambiri, ndipo muyenera kubwerera kunyumba. Likayamba kuduka ndi kufumbutuka lisanafike pamenepo, koma likugwirana mukalifumbata, ndiye nthawi yake. Likakana ngakhale kugwirana, n'louma. Thirirani pang'onopang'ono kwa maola angapo, mudikire tsiku limodzi kapena awiri kuti madzi afalikire, kenako muyezenso. Nthaka ya mchenga siipoteka ngakhale itanyowa, choncho kwa iyo muyezo ndi wakuti igwirane mukaifumbata popanda kutulutsa madzi.

Yesani pa malo angapo, chifukwa mbali ya mthunzi ndi mbali ya dzuwa sizifanana, ndipo pansi pa mitengo ya m'tauni nthawi zambiri pamakhala dothi losakanikirana limene omanga anataya. Ndikudziwa kuti makina obwereka amalipiridwa pa tsiku, ndipo nkovuta kuuza mwini ntchito kuti lero sitibaya. Komabe ndi bwino kutaya malipiro a tsiku limodzi kusiyana ndi kusiya timapanga tolimba pakati pa mizu ya mtengo umene watenga zaka makumi kuti ukule.

5. Konzani zida, chitetezo ndi zothira m'ming'alu

Mpweya wopanikizidwa ungathe kuvulaza kapena kupha. Valani magalasi ndi chishango cha nkhope, zotseka m'makutu, magolovesi ndi nsapato zolimba, ndipo tchingani malowo kuti odutsa asayandikire, pakuti timiyala timauluka. Polumikizana mapaipi a mpweya pakhale tizingwe tachitsulo togwira paipi ikaphotchoka. Musaloze mkondo kwa munthu, ndipo musaugwire kunsonga poyesa ngati watsekeka, chifukwa mpweya umatha kulowa pakhungu. Silinda ya naitirojeni yodzaza imakhala ndi mphamvu ya 200 bar (bar ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya) kapena kuposa, choncho imangiriridwe ndipo isagwiritsidwe ntchito popanda chochepetsera mphamvu. Musaisunge m'chipinda chotsekedwa, chifukwa ikadontha imathamangitsa mpweya wopuma popanda fungo lililonse. Silinda ya okosijeni isayandikire makinawa ngakhale pang'ono, chifukwa okosijeni akakumana ndi mafuta kapena girizi amabutsa moto. Ngati mukugwiritsa ntchito kompuresa, ikhale ndi chosefera mafuta, ndipo iimikidwe kunja kwa dera la mizu.

Zothira m'ming'alu zikhale zouma ndi zosefedwa kuti zisatseke mkondo. Pamafunika chinthu chosafinyika chochirikiza mng'alu, monga timiyala totchedwa perlite ndi zeolite kapena timibulu ta dongo lowotcha, pamodzi ndi chakudya cha tizamoyo ta m'nthaka, monga kompositi wopsa bwino. Makala osinja okonzedwera nthaka, otchedwa biochar, amathandizanso, koma ayambe asakanizidwa ndi kompositi, chifukwa akathiridwa okha amatha kuyamwa chakudya cha m'nthaka kwa kanthawi. Fetereza musathire mongoganizira. Dikirani zotsatira za kuyeza dothi.

6. Bayani, ndipo muziwerenga mmene nthaka ikuyankhira

Lembani malo obaya pansi. Mtunda wa pakati pa mabowo umadalira makina ndi nthaka, ndipo kawirikawiri umakhala pakati pa theka la mita ndi mamita 2. Makina opita pansi kwambiri monga Terralift, amene amafika pafupifupi mita imodzi, amalola mabowo otalikirana. Pa mtengo wa chitsanzo chathu uja, mabowo otalikirana mita imodzi angakwane pafupifupi 100. Yambirani mkati mukupita kunja, mukubwerera chafutambuyo, kuti musaponde pamene mwamasula kale, ndipo yalani matabwa poyendapo.

Mkondo ukakana kulowa, musaukakamize. Mwina wagunda muzu, mwala kapena paipi; uzuleni musunthe pang'ono. Ukalowa, nsonga yake ikhale pansi penipeni pa gawo lolimba limene munaliona m'kadzenje kaja, kuti mpweya ulinyamule kuchokera pansi. Gawolo likakhala lokhuthala, tulutsani mpweya pa kuya kuwiri kapena kutatu m'bowo limodzi monga mmene buku la makina anu likunenera. Yambani ndi mphamvu yochepa, muwonjezere pokhapokha nthaka ikapanda kuyankha.

Pa bowo lililonse yang'anani ndi kumvetsera. Pamene ntchito ikuyenda bwino pamamveka kugunda kwa pansipansi, nthaka yozungulira imatukuka pang'ono n'kubwerera, ndipo kampweya kapena kafumbi kamatuluka m'bowo loyandikana nalo, kusonyeza kuti ming'alu yalumikizana. Mpweya ukamalira mokweza m'mbali mwa mkondo, ukuthawa osagwira ntchito. Tsenderani dothi pakamwa pa bowo kapena bayani pena. Mpweya ukangotha popanda nthaka kusuntha, mwina pansi pali mphako, ngalande yakale kapena zogumuka za nyumba, ndipo muyenera kufufuza musanapitirire. Ngati palibe chotuluka m'mabowo oyandikana, mabowo anu atalikirana kwambiri. Dothi likaphulikira kumwamba, mkondo sunalowe mokwanira kapena mphamvu yachuluka.

Pa mtengo wokalamba, wopendekeka kapena umene mizu yake inadulidwa mbali imodzi, musamasule dera lonse nthawi imodzi. Ligaweni m'zigawo, muchite gawo lina chaka chino, lina chaka chamawa, ndipo muyambe mwaitana katswiri wa mitengo kuti aone ngati mtengowo uli wolimba mokwanira.

7. Dzazani ming'alu nthawi yomweyo

Mng'alu wopanda kanthu umatsekeka ndi kulemera kwa dothi la pamwamba pake komanso mvula zoyambirira. Makina ambiri ali ndi chotengera chimene chimatumiza zothira zija ndi mpweya wachiwiri, mkondo ukadali pansi. Chitani zimenezi pa bowo lililonse musanauzule. Mukauzula, dzazani bowo lake mpaka pamwamba ndi zinthu zomwezo kapena timiyala ting'onoting'ono, osati dothi limene latulukamo, kuti bowolo likhale njira ya mpweya ndi madzi. Wogwira ntchito amene akungobaya ndi kuzula osathira kanthu wachita theka la ntchito, ndipo eni mitengo ayenera kufunsa za zimenezi asanagwirizane malipiro. Mukamaliza thirirani mofatsa.

8. Phimbani nthaka ndi kuchotsa chimene chinaitsendera

Yalani tizidutswa ta mitengo ndi makungwa pa dera lonse, mokhuthala masentimita 5 mpaka 10, koma zisakhudze thunthu, chifukwa khungwa lokhala m'chinyezi nthawi zonse limawola. Zophimbirazi zimasunga madzi, zimalandira kulemera kwa mapazi, ndipo zimadyetsa nyongolotsi ndi tizamoyo tina timene timapitiriza kuboola ndi kufewetsa nthaka chaka chonse. Pa zonse zimene zalembedwa pano, ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, ine ndingasankhe chimenechi. Kapinga wofika mpaka pa tsinde amalimbirana madzi ndi mtengo, ndipo makina omutchetcha amatsenderanso nthaka. Muchotseni mosamala ndi manja, osalima.

Kenako funsani chimene chinalimbitsa nthakayo. Ngati ndi magalimoto oima pamthunzi, ikani zipilala zowatsekereza. Ngati ndi njira yachidule ya anthu oyenda pansi, mpanda wokha sukwanira chifukwa anthu amaulambalala kapena kuudumpha. Apatseni njira ina yabwino, kapena mangani kanjira kokwezeka pamwamba pa mizu. Benchi ili pansi pa mtengo isunthidwe kunja kwa dera lophimbidwa.

9. Yezaninso, ndipo musayembekezere kusintha mwamsanga

Musanayambe ntchito jambulani mtengo uli ndi masamba, ndipo lembani kuya kumene chitsulo chija chinafika pa malo odziwika. Mungathenso kukhomera kachidutswa ka paipi yotakata pansi, kuthiramo madzi oyezedwa ndi kulemba nthawi imene atenga kuti alowe. Bwerezani zonsezi pa malo omwewo, nyengo yomweyo, chaka chilichonse, pakuti kuyeza pa nthaka ya chinyontho chosiyana kumasocheretsa. Madzi kulowa msanga ndi chimene chimaoneka poyamba. Mtengo weniweniwo umayankha mochedwa, chifukwa umayamba wamera timizu tatsopano. Yang'anani kutalika kwa mphukira za kunsonga ndi kukula kwa masamba m'chaka chachiwiri ndi chachitatu. Nthambi zimene zinauma kale sizidzaphukanso, ndipo zimene zingagwere anthu zidulidwe, koma musadulire nthambi zamoyo zambiri chaka chomwecho, chifukwa masamba ndi amene amapanga chakudya chomeretsa mizu. Muziwonjezera zophimbira zikamatha, muzithirira nthawi ya chilala, ndipo ngati patapita zaka zitatu chitsulo chikukanabe pa kuya komwe kuja, musabwereze kubaya mwachizolowezi. Tsegulani ngalande zopapatiza zochokera chakutsinde kupita kunja ndi chida chouluza dothi, muone mizu ndi maso anu, ndipo muzidzaze ndi dothi losakaniza ndi kompositi.